Kompyuta Ikakana Kuyaka, Yambani Mwadziwa Dzina la Bodi Yake

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi ija dzuwa la kuno kuchigwa limawotcha mpaka chishalo cha njinga osakhalika. Ahedi a sukulu ina ya cha ku Ngabu anatsika minibasi pa Nchalo atanyamula kompyuta yokulunga m'chitenje, thukuta lili kamukamu. Inali HP Compaq 8200 Elite, ya kabokosi kogona kaja, ndipo m'menemo munali mafunso a mayeso ndi mayina a ana onse a pasukulupo. Titaiyatsa, fani inazungulira, kanyali ka kutsogolo kanaphethira mofiira kasanu, kulira nakonso kasanu, koma sikirini inangoti bii. Ahediwo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa purosesa, ubongo wa kompyuta, yokulunga m'pepala. Mphwawo ndiye anakaigula ku Limbe, chifukwa mnyamata wina wa pamudzipo anawerenga pa intaneti kuti kompyuta ikalira kasanu ndiye kuti purosesa yatha.

"Bambo, ingondiikirani iyi, ndalama zapita kale," anatero.

"Ahedi, takhalani kaye pansi mumwe madzi. Tiyambe taona kuti bodi yake ndi yanji."

Mnyamata uja sananame ayi. Pa bodi zakale zokhala ndi BIOS (kapulogalamu ka m'bodi kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe) ya kampani ya AMI, kulira kasanu kumanenadi za purosesa. Koma pa makompyuta a HP a mtundu umenewu, kuphethira kasanu kumatanthauza kuti RAM, timabodi ting'onoting'ono timene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, siyikuwerengeka. Ndinazula ma RAM onse awiri, ndinapukuta timano take tagolide ndi labala ya pensulo, ndinapemerera fumbi m'mipata yake, n'kuwabwezera. Inayaka. Purosesa ija inali ya soketi (mpando wa purosesa pa bodi) ya LGA1150, pomwe bodi ya 8200 ndi ya LGA1155. Tikanaikakamiza tikanapinda timapini ta m'soketi, ndipo bodi imene inalibe vuto lililonse ikanafera pomwepo.

Zoterezi ndimakumana nazo mwezi ndi mwezi, ndipo zimandiwawa chifukwa kuno chipangizo cha kompyuta sitigula pagolosale. Munthu wa ku Bangula kapena ku Nsanje akalakwitsa kugula, ndiye kuti wataya tsiku lathunthu, wawoloka Shire pa Chikwawa, wakwera mapiri a ku Thabwa, wabwerera ndi chinthu chimene sichigwira ntchito, ndipo wogulitsa nthawi zambiri salola kubweza. Motherboard, imene amisirife timangoti bodi, ndi thabwa lalikulu lija la m'kati limene purosesa, RAM, power supply (bokosi logawa magetsi m'kati), hard disk ndi mabatani onse amalumikizikapo. Kompyuta ikadwala imadandaula polira kapena pophethira, koma kampani iliyonse inaphunzitsa bodi zake chilankhulo chakechake. Ngati simukudziwa dzina la bodi, mukumva kulira koma simukudziwa kuti akulankhula Chisena kapena Chimang'anja.

Njira yopezera dzinalo imadalira pamene kompyutayo ikufika isanakanike.

Ngati nthawi zina ikulowabe mu Windows

Pali makompyuta ena amene lero ayaka, mawa akana, mkuja ayaka mukayesa kachitatu. Tsiku limene yalola, musathamangire kusindikiza ntchito zokha. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, dinani Enter. Pa tsamba limene litseguke yang'anani mizere itatu yolembedwa BaseBoard Manufacturer, BaseBoard Product ndi BaseBoard Version. Woyambawo ndi kampani, wachiwiri ndi dzina la bodi. Jambulani ndi foni nthawi yomweyo. Pa Windows 7 mizere imeneyi simuipeza, choncho tsegulani Command Prompt n'kulemba wmic baseboard get manufacturer,product,version,serialnumber. Pa Windows 11 yatsopano lamulo limeneli likhoza kukana chifukwa Microsoft ikulichotsa. Zikatero tsegulani PowerShell mulembe Get-CimInstance Win32_BaseBoard. Ine ndimayenda ndi kapulogalamu kaulere ka CPU-Z pa fulashi. Pa gawo lake la Mainboard kamaonetsa dzina la bodi, chipset (chip yaikulu yoyendetsa bodiyo) ndi BIOS imene ilimo, ndipo pa gawo la SPD kamanena mtundu wa RAM imene ili mumpata uliwonse.

Nthawi zina m'malo mwa dzina mupeza mawu oti To be filled by O.E.M. kapena Default string. Apa ndiye kuti wopanga bodiyo sanalembemo kanthu, zimene zimachitika kawirikawiri pa bodi zotchipa zopanda dzina lodziwika. Pa HP mumangoona manambala kapena zilembo zinayi, monga 1495 kapena 3397, pa Dell zilembo ndi manambala zosakanikirana zoyamba ndi 0. Musazitaye, ndi dzina lakelo limenelo, ndipo mukazilemba pa Google pamodzi ndi dzina la kampani zikufikitsani pa makina enieniwo.

Ngati Windows yafa koma kompyuta ikutha kuyambira pa fulashi, Linux ya pa fulashi imakuuzani zomwezo mukalemba sudo dmidecode -t baseboard.

Ngati ikungoonetsa chizindikiro cha kampani n'kuima

Apa pali chiyembekezo, chifukwa chithunzi chikatuluka ndiye kuti purosesa, RAM ndi gawo la zithunzi zikugwira ntchito ndithu. Lowani mu BIOS. Pa Dell dinani F2 mobwerezabwereza mukangoyatsa. Pa HP dinani F10, kapena Esc kuti ikupatseni posankha, kenako pitani pa System Information. Pa Lenovo ThinkCentre ndi F1. Pa ASUS, Gigabyte ndi MSI ndi Delete. Dzina la bodi kapena la makina limakhala pa tsamba loyamba. Pa makompyuta akale mawu oyera amene amadutsa mofulumira poyamba aja mukhoza kuwaimitsa ndi batani la Pause kuti muwerenge mwachifatse.

Muli momwemo, yang'anani deti ndi nthawi. Mukapeza kuti yabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kakang'ono ka pa bodi katha. Ndi kozungulira ngati kobiri, dzina lake CR2032, ka 3V, komwe kaja kamapezekanso m'masikelo ndi m'marimoti a galimoto. Kakatha, BIOS imaiwala zonse zimene inauzidwa nthawi iliyonse magetsi akathima, ndipo ikhoza kuyamba kufunafuna Windows pa malo olakwika. Anthu ambiri afufutitsa Windows yabwinobwino chifukwa cha kabatire kameneka. Ine ndikakayeza n'kupeza katsika kufika cha m'ma 2.5V ndimangosintha.

Ngati sikirini ili bii

Tsopano palibenso kuchitira mwina, tsegulani. Zimitsani pakhoma, zulani nthambo ya magetsi kumbuyo kwa kompyuta, kenako dinani batani loyatsira n'kuligwira masekondi 10 kuti mphamvu yotsalira ithe. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze chilichonse cha m'kati. Tengani tochi ya foni ndi burashi youma ya penti, chifukwa pa makina a kuno dzina limakhala litakwiririka. Nyengo yodula nzimbe, phulusa lakuda la m'minda yowotchedwa limagwa ngati mvula pa Nchalo pano, fani n'kumalikokera m'kati, n'kusakanikirana ndi fumbi la m'misewu. Ndinatsegulapo kompyuta ina imene bodi yake inkaoneka ngati yaziridwa ndi dothi.

Pa bodi za ASUS, Gigabyte, MSI ndi ASRock dzina limalembedwa ndi zilembo zoyera zikuluzikulu. Kawirikawiri lili pakati pa fani ya purosesa ndi mpata wautali wa graphics card (kadi ya zithunzi), kapena pakati pa mipata ya makadiyo, nthawi zina m'mbali mwa mipata ya RAM. Ngati muli graphics card, ikhoza kuliphimba, ndiye muyambe mwaichotsa. Mayina ake amakhala ngati P8H61-M LX wa ASUS, kapena GA-H61M-DS2 wa Gigabyte. Lembani chilembo chilichonse, mpaka zakumapetozo, chifukwa LX ndi LX2 ndi bodi ziwiri zosiyana. Pa MSI mupezanso nambala yoyamba ndi MS- yotsatiridwa ndi manambala kapena zilembo zinayi, ndi VER pambali pake. Pa Gigabyte yang'anani pakona ya bodi pamene palembedwa REV, kutanthauza mtundu wa kapangidwe ka bodiyo, monga REV: 2.0. GA-H61M-DS2 yomweyo inatuluka ndi ma REV angapo okhala ndi BIOS zosiyana, ndipo mukaika BIOS ya REV ina bodi ikhoza kusiyiratu kuyaka.

Dzinalo lokha limakuuzani zambiri. H61 ndi chipset ya soketi ya LGA1155, ya ma purosesa a Intel a m'badwo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo imadya RAM ya DDR3. H81 ndi ya LGA1150, m'badwo wachinayi, DDR3 yomweyo. G41 ndi ya LGA775, ya nthawi ya Core 2 Duo, ndipo pa G41 samalani chifukwa zina zimadya DDR2, zina DDR3. Chilembo M chakumapeto chimasonyeza kuti bodiyo ndi yocheperapo, ya microATX.

Pali manambala ena onyenga amene asocheretsa anthu ambiri, ine ndemwe pamene ndinkayamba ntchitoyi. Mukaona N1996 pa bodi ya MSI, N13219 pa ASUS, kapena N15235 pa Foxconn, limenelo si dzina la bodi. Ndi nambala ya chilolezo chogulitsira katundu wa kampaniyo ku Australia, ndipo inasindikizidwa pa bodi zambirimbiri zosiyana. E93839 imene imaoneka pa bodi zambiri za Dell nayonso ndi ya chiphaso cha fakitale. Ndipo 94V-0 imangonena kuti thabwalo silikolera moto msanga. Manambala amenewa amalembedwa moonekera bwino, n'chifukwa chake diso limagwera pamenepo. Mukatumiza N15235 kwa wogulitsa wosasamala, akutumizirani bodi iliyonse imene ili ndi nambala imeneyo, mwina ya AMD pamene purosesa yanu ndi ya Intel.

Makina ambiri amene ali m'masukulu, m'matchalitchi, m'mabungwe ndi m'mashopu osindikiza mapepala kuno ndi a kaunjika ochokera m'maofesi akunja: Dell OptiPlex, HP Compaq ndi Lenovo ThinkCentre. Pa amenewa simupeza dzina lalikulu loyera. Muyang'ane kasitika koyera kokhala ndi timizere ta barcode komatidwa pa bodi penipenipo. Pa Dell kamayamba ndi zilembo ziwiri za dziko limene inapangidwira, kawirikawiri CN, kenako 0, kenako zilembo ndi manambala zisanu. Zisanu zimenezo ndiye nambala ya bodi. Pa HP funani SP#, manambala 6 otsatiridwa ndi ena atatu monga 001. Pa Lenovo funani FRU. Kunja kwa bokosi Dell imakhalanso ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, imene mukailemba pa webusaiti ya Dell imakuonetsani makinawo ndi zonse zimene anatuluka nazo ku fakitale. Onaninso kukula kwa bokosi. OptiPlex 7010 ilipo ya MT, DT, SFF ndi USFF, kuyambira bokosi lalikulu mpaka laling'ono kwambiri, dzina limodzi koma bodi yaing'onoyo siingalowe m'malo mwa yaikuluyo.

Chimodzi chimene ndimalimbikira: musakhulupirire dzina la kunja kwa bokosi lokha. Makina a kaunjika adutsa m'manja ambiri asanafike kwa inu. Ndinalandirapo bokosi lolembedwa HP kutsogolo, m'kati muli bodi ya ASRock yomangidwa ndi masikuluwu atatu okha, mawaya a batani atalumikizidwa ndi tepi. Mwini wake anali atatha sabata akuwerenga malangizo a HP.

Mwadziwa dzina, tsopano mutani nalo?

Choyamba pezani buku la malangizo la bodiyo kapena la makinawo pa webusaiti ya kampani yake, mulisunge m'foni. Ndi PDF yaing'ono, siitha bandulo. Pa Dell limatchedwa Owner's Manual kapena Service Manual, pa HP ndi Maintenance and Service Guide. M'menemo muli chithunzi cha bodi chosonyeza polowa waya aliyense, komanso tanthauzo la kulira ndi kuphethira.

Pa HP Compaq za m'gulu la 6200, 8200, 6300 ndi 8300, werengani kanyali kofiira. Kawiri, purosesa yatentha kwambiri ndipo makina adzizimitsa okha kuti asapse. Katatu, purosesa siyikuoneka kuti ilimo. Kanayi, vuto lili ku power supply. Kasanu ndi RAM, ka 6 ndi gawo la zithunzi, ka 7 ndi bodi yeniyeniyo, ka 8 BIOS yawonongeka. Kulira kumasiya kukabwerezedwa maulendo asanu koma kanyali kamapitiriza, choncho mukafika mochedwa yang'anani kanyaliko. Kuphethira kawiri kuja ndi matenda a kuno enieni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, m'kashopu kofolera malata n'kuposa pamenepo, ndipo phala lija limene amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira, thermal paste, limauma n'kusanduka ngati choko. Kompyuta imayaka bwino m'mawa, ikafika 11 koloko yathima, mukayatsanso yakana mpaka madzulo. Chotsani fani, pukutani phala lakalelo, pakani latsopano pang'ono ngati kambewu ka mapira, tsukani fumbi la m'zipsepse za chitsulocho. Musapake mankhwala otsukira mano, ndawaona kangapo ndipo amauma tsiku lomwelo.

Pa Dell nkhani yake imasonyeza bwino chifukwa chake dzina n'lofunika. OptiPlex 790 ndi 990 zili ndi tinyali tinayi tolembedwa 1, 2, 3, 4. OptiPlex 7010, 3020, 7020 ndi 9020 zilibe tinyali timeneti, m'malo mwake batani loyatsira limaphethira mtundu wa olenji m'magulu awiri, kupumira pakati. Kawiri kenako kanayi ndi kabatire ka CR2032. Kawiri kenako ka 7 ndi RAM yolephera. Katatu kenako katatu, sikuona RAM iliyonse. Koma pa OptiPlex zatsopanopo, zimene zimaphethira olenji kenako zoyera, kawiri ndi kanayi komweko kumatanthauza RAM. Kampani imodzi, kawerengedwe kamodzi, matanthauzo awiri.

Ngati palibe chilichonse, fani osazungulira, kanyali osayaka, ganizirani power supply. Apa mpamene anthu amataya ndalama zambiri. Mayi wina amene amasindikiza mapepala ndi kujambula zithunzi za ziphaso ku Bangula anatuma mlongo wake kukagula power supply ku Blantyre. Anabwera ndi yabwino ndithu, yatsopano, ya pulagi ya mapini 24 monga mwa nthawi zonse. Makina awo anali OptiPlex 3020, imene bodi yake imalandira pulagi ya mapini 8 ya Dell yokha. Chimodzimodzi 7020 ndi 9020. HP 8200 ndi 8300 zimalandira ya mapini 6, ndipo ThinkCentre monga M92p ndi M93p ya mapini 14. Atandiimbira foni ndinawauza kuti, "Mayi, musadule waya aliyense, ingojambulani pulagi yakaleyo ndi kasitika ka pa power supply munditumizire." Tilipo tima adaputa tosinthira 24 kupita ku 8, koma power supply wambayo siikwananso m'bokosi laling'ono la SFF, imangokhala panja ngati mbuzi yomangirira.

Njira yoyezera power supply ndi kawaya, yolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda kuti fani izungulire, ndi ya pulagi ya mapini 24 kapena 20 ya ATX, power supply wamba ija. Musaiyese pa mapulagi a Dell, HP ndi Lenovo aja chifukwa mawaya ake anayalidwa mosiyana. Ma Dell ambiri ali ndi kabatani koyezera kumbuyo kwa power supply. Mukakadina kanyali kobiriwira n'kuyaka, fani n'kuzungulira, ndiye kuti ili moyo. Pa ATX wamba, ngati muli ndi mita, waya wachikasu apereke 12V, wofiira 5V, wa olenji 3.3V, ndipo wapepo apereke 5V ngakhale kompyuta ili yozimitsa. Wachikasuyo akatsika pansi pa 11.4V, musaidalirenso. Power supply yokhayo musaitsegule, ma capacitor ake, timigolo ta m'katimo, amasunga mphamvu yoti n'kukuvulazani ngakhale mutazula pakhoma. Ndipo pa makina akale ochokera ku America yang'anani kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a kuno ndi a 230V. Kakakhala pa 115 mudzangomva phuu ndi fungo.

Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta kwa nthawi yaitali ndipo mashopu ambiri anadalira tima jenereta ndi ma inveta a sola. Miyezi imeneyo ndinasintha ma power supply ambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Kajenereta kakamalemedwa magetsi ake amakwera n'kutsika, ndipo chimene chimayamba kufa ndi power supply, nthawi zina n'kutengana ndi bodi. Ngati ntchito yanu ndi ya pakompyuta, UPS (batire losunga magetsi a kompyuta) kapena stabilizer (chokhazikitsa magetsi) ndi yotchipa poyerekeza ndi bodi.

Power supply ikakhala bwino koma makina osadzuka, mwina ndi batani lokha. Pa bodi za ASUS, Gigabyte ndi MSI pali gulu la timapini pakona yakumunsi, lolembedwa PANEL, F_PANEL kapena JFP1. Buku lija likuonetsani mapini awiri a batani loyatsira. Zulani kawaya kake, gunditsani mapini awiriwo ndi nsonga ya sikuludiraiva kamodzi. Ikayaka, batani ndiye lafa. Popanda buku musamangogunditsa mwachisawawa, pafupi pomwepo pali mapini a USB amene ali ndi 5V.

Kufufuta zimene BIOS inasunga nakonso kumafuna dzina. Pa ASUS timapini take talembedwa CLRTC, pa Gigabyte CLR_CMOS, pa MSI JBAT1, pomwe pa HP zija pali kabatani kachikasu pa bodi kamene mumadina masekondi 5 nthambo ya magetsi ili yozula. Izi zimathandiza makina amene akungozungulitsa fani magetsi atathima mwadzidzidzi.

Zonsezi zikakanika, ivuleni. Zulani hard disk, DVD, ma USB onse, graphics card ngati bodi ili ndi polumikizira monita pakepake, musiye purosesa, fani yake, RAM imodzi ndi power supply. Yesani RAM imeneyo mumpata uliwonse, kenako inzakeyo. Chotsani RAM yonse n'kuyatsa: bodi yamoyo yokhala ndi kasipika imalira kudandaula kuti RAM palibe, yakufa imangokhala chete. Unikani ndi tochi timigolo ting'onoting'ono tozungulira purosesa, ma capacitor. Pamwamba pake pazikhala posalala. Tikatupa kapena kutuluka zinthu zabulauni, matenda ndi amenewo, ndipo mmisiri wodziwa kuwotcherera akhoza kusintha. Yang'ananinso kunsi kwa bodi. Nalimata amakonda kufunda kwa m'menemo, amaikira mazira kuseri kwa bodi kapena kufera m'power supply. Mphemvu ndi nyerere nazo zimasiya zonyansa zimene zimagunditsa mizere ya magetsi kukachita chinyontho.

Za madzi ndinene mwapadera, poti kuno ndi kuchigwa. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anthu anabwera ndi makompyuta amene analowa madzi, ndipo ambiri anali atawayatsa kale kuti aone ngati akugwirabe. Kuyatsako ndi kumene kunawapha. Makina akanyowa chotsani kabatire ka CR2032 msanga, chifukwa ngakhale mphamvu yochepayo imadyetsa dzimbiri pa bodi yonyowa. Chotsani hard disk muisunge payokha, tsukani matope pa bodi ndi madzi oyera kenako isopropyl alcohol ngati muli nayo, muumitse pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo. Power supply imene inamira ingosinthani. Ndipo jambulani kasitika kaja musanatsuke, chifukwa kakanyowa manambala amafufutika.

Pa RAM, dzina la bodi likuuzani mtundu ndi kuchuluka kumene ingalandire. DDR2 ndi DDR3 za desktop zonse zili ndi timano 240, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza, koma kampata ka pakati kali pa malo osiyana. DDR4 ili ndi 288. Ikakana kulowa musaikanikize. Pa purosesa, soketi kufanana sikokwanira. HP 8200 ndi 8300 zonse ndi LGA1155, koma 8200 ili ndi chipset ya Q67 imene imalandira m'badwo wachiwiri wokha, pamene Q77 ya 8300 imalandira wachiwiri ndi wachitatu. Bodi zambiri za H61 zimafuna BIOS yatsopano kuti zilandire m'badwo wachitatu. Mukaika purosesa yotere pa BIOS yakale, fani imazungulira, sikirini bii, inu n'kumati bodi yapsa. BIOS yokhayo musaisinthe popanda chifukwa chenicheni, ndipo musayerekeze kutero popanda UPS. Magetsi akathima ili pakati, bodi zambiri sizidzukanso pokhapokha mutapeza munthu wokhala ndi kachipangizo kolembera mu chip yake.

Pa laputopu zinthu n'zofanana pang'ono. Dzina la makina lili kunsi kapena pansi pa batire, koma laputopu imodzi ikhoza kutuluka ndi bodi zingapo. Nambala yeniyeni yasindikizidwa pa bodi, nthawi zambiri pafupi ndi mipata ya RAM: yoyamba ndi LA- ndi ya Compal, DA0 ndi ya Quanta, 6050A ndi ya Inventec.

Ikafika poti mugule chinthu ku Limbe kapena ku Blantyre, musatume munthu ndi mawu apakamwa oti "ya Dell" kapena "ya Core i5". Tumizani pa WhatsApp zithunzi zinayi zowala bwino: bodi yonse kuchokera pamwamba, dzina kapena kasitika kake pafupi kuti chilembo chilichonse chiwerengeke, pulagi ya magetsi imene imalowa pa bodi, ndi kumbuyo kwa bokosi kumene kuli mabowo a USB ndi a monita. Pemphani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha chinthu chenichenicho chimene ali nacho pashelefu, mufananize nokha manambala musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Samalani ndi 0 ndi O, 8 ndi B, 1 ndi I, makamaka pa tizilembo ta Dell. Ngati akupita ndi munthu, anyamule chakufacho m'chikwama, akayerekeze pakauntala pomwepo, ndipo mugwirizane za kubweza asanalipire.

Makina aliwonse amene adutsa pashopu panga ndimawamata tepi ya pepala m'kati mwa chitseko cha m'mbali, n'kulembapo ndi maka dzina la bodi, REV yake, mtundu wa RAM, mapini a pulagi ya magetsi ndi deti limene ndasintha kabatire. Ya ahedi aja ndinalembanso papepala lina tanthauzo la kuphethira kwa kanyali kuyambira kawiri mpaka ka 8, ndipo analimata pakhoma la ofesi yawo. Mu Novembala anandiimbira kuti yaphethira kawiri, ndipo anali ataisuntha kale kuichotsa pawindo pamene dzuwa la masana linkaimenya. Purosesa ya LGA1150 ija anaisiya kwa ine. Ili m'kabokosi m'dirowa, ndikudikira tsiku limene wina adzabwere ndi bodi ya H81 kuti ndiwagulitsire ahediwo apezeko ndalama yawo.